Atikana thandizo la aulumali: tichite apilo kapena tingozisiya?

"Amuna anga anadwala sitiroko chaka chatha, moti dzanja ndi mwendo wakumanja sizigwiranso ntchito bwino. Anali kalipentala, koma chidwalireni sanagwirenso nyundo. Tinalembetsa ku ofesi yoona za chithandizo kuti azilandira ndalama za anthu aulumali. Tinadikira miyezi isanu, anaitanidwa kukapimidwa, kenako kunabwera kalata ya mizere inayi yonena kuti sanakwaniritse zoyenereza. Ndapitako kawiri, amangondiuza kuti zinagamulidwa kale. Kalatayo ikutchula za apilo, koma abambowo akuti tingozisiya, tingadane ndi boma pachabe. Pali munthu wina amene akuti angatikonzere zonse tikamupatsa kenakake. Ndatopa ndipo ndalama zatithera. Ndichite chiyani?"
Mayi wina wowerenga

Pepani kwambiri mayi ndi zimene zakugwerani. Kusamalira munthu wodwala sitiroko ndi katundu wolemera payekha, ndiye mukaonjezerapo kuyendera maofesi n'kumabwezedwa pakhomo, palibe amene sangatope. Koma mtima ukhale pansi kaye. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza anthu pa nkhani zoterezi, makalata a mizere inayi ngati yanuyi ndawerenga ochuluka zedi, ndipo ambiri anadzasinthidwa eni ake atalimbikira. Kalata yokana ndi maganizo a munthu amene anaona mapepala a amuna anu tsiku limodzi, mwinanso kwa mphindi zochepa chabe. Lamulo limadziwa kuti munthuyo akhoza kulakwitsa, n'chifukwa chake m'munsi mwa kalatayo analembamo za apilo.

Musanapitirize kuwerenga, katengeni kalatayo muone zinthu ziwiri: tsiku limene inalembedwa, ndi masiku amene akupatsani kuti mudandaule. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ngakhale amene nkhani yawo inali yomveka bwino. Masikuwa amasiyana dziko ndi dziko, thandizo ndi thandizo. Ku Britain ndi ku Germany kawirikawiri ndi mwezi umodzi, ku America ndi masiku 60, ku South Africa ndi masiku 90. Kwina amayamba kuwerengera pa tsiku lolembedwa pakalatapo, osati tsiku limene inakupezani, ndiye ngati inachedwa panjira, masiku ena anatha kale inu musanaitsegule n'komwe. Akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa galu.

Chowawa n'chakuti maulendo anu awiri aja, m'fayilo mwawo mulibemo. Kulankhula ndi munthu wa pawindo si apilo. Iye akhoza kukumverani chisoni, kapena kukuyankhani mwamwano, koma akaweruka madzulo mawu anu amathera pomwepo, pamene masiku akupitabe. Choncho lembani, lero kapena mawa. Musadikire kuti mupeze kaye umboni wonse kapena munthu wodziwa malamulo. Ngati ali ndi fomu ya apilo, dzazani imeneyo. Ngati palibe, pepala wamba likwanira, ndipo mawu ake akhoza kukhala awa: "Sindikugwirizana ndi chigamulo cha pa tsiku lakuti, nambala yakuti. Ndikupempha kuti chiunikidwenso. Ndikupemphanso kuti mundipatse zifukwa zonse zimene mwandikanira, pamodzi ndi kope la lipoti la amene anandipima. Umboni wina nditumiza posachedwa." Basi.

Wosayinira akhale abambowo, chifukwa wopempha thandizo ndi iwo. Poti dzanja lolembera ndi limene linafooka, funsani ngati amalola kudinda chala, ndipo pemphaninso fomu yokulolezani inu kuwayimira. Popanda fomu imeneyo tsiku lina adzakuuzani kuti sangakambirane nanu za munthu wina, ngakhale ndinu amene mumawasambitsa. Pangani fotokope ya chilichonse chimene mukupereka, ndipo kope lanulo alidinde chidindo cha tsikulo. Akakana kudinda, lembani nokha tsiku, nthawi ndi dzina la amene walandira. Ngati mukutumiza pa intaneti, jambulani pa foni uthenga wosonyeza kuti zafika. Mapepala amasowa m'maofesi, osati nthawi zonse chifukwa cha nkhanza, koma amasowa ndithu, ndipo wopanda kope amayambira pachiyambi.

Mwina mupeza kuti masikuwo adutsa kale. Lembanibe, n'kufotokoza chifukwa chake: munali kuchipatala, kalata inafika mochedwa, kapena munapita ku ofesi kawiri koma palibe anakuuzani kuti muyenera kulemba. Malamulo ambiri amalola apilo yochedwa pakakhala chifukwa chomveka. Ku Britain amatha kulandira mpaka miyezi 13 itadutsa. Emvulopu imene kalata inabweramo musaitaye, chidindo cha positi ndi mboni yanu.

Tsopano za chifukwa chimene akukanirani. Mawu akuti "sanakwaniritse zoyenereza" satiuza kalikonse, ndipo simungatsutse chinthu chimene simukuchidziwa. Pa zimene ndaona, kukanidwa kumachokera ku mbali zitatu. Nthawi zina vuto ndi mapepala: dzina linalembedwa mosiyana pa chiphaso ndi pa kalata ya kuchipatala, chaka chobadwa sichikugwirizana, tsamba lina silinasayinidwe. Nthawi zina ndi za ndalama. Thandizo lina limaperekedwa kwa okhawo amene ankadulidwa malipiro kupita ku thumba la boma kwa zaka zakutizakuti, ndipo kalipentala wodzilemba yekha ntchito akhoza kupezeka kuti m'kaundula mulibe. Lina limayang'ana chuma cha banja lonse, ndiye pamakhala zolakwika zambiri, monga kuwerengera ndalama zimene abambo ankapeza asanadwale ngati kuti akuzipezabe, kapena kuwerengera mwana amene anachoka kale pakhomo. Mbali yachitatu ndi ya kupima kuja. Poti kalata inabwera atangopimidwa, ine ndikukayikira pamenepo, ndipo ndikhalitsapo pang'ono.

Ndinathandizapo bambo wina amene nkhani yake inali ngati ya amuna anu. Tsiku lokapimidwa anadzuka m'bandakucha. Mwana wawo wamkazi anawameta ndevu, n'kuwathandiza kuvala jekete, ntchito imene inatenga pafupifupi maola awiri. Atafika pakhomo la wopima, bamboyo anapatsira mwanayo ndodo yawo, analuma mano, n'kuyenda okha masitepe asanu kukafika pampando. Atafunsidwa kuti ali bwanji, anati ali bwino. Atafunsidwa ngati amatha kuvala okha, anati amayesetsa. Lipoti litatuluka, munalembedwa kuti munthuyu ndi waukhondo, amayenda popanda chothandizira, ndipo akuti amadzisamalira yekha. Palibe bodza limene wopima analemba. Analemba zimene anaona m'mphindi makumi awiri zija. Sanaone kuti atabwerera kunyumba bamboyo anagona masiku awiri osadzuka.

Zimenezi zimachitika kwambiri kwa amuna amene moyo wawo wonse anadalira manja awo. Munthu amene ankakhoma madenga sangavomere msanga pamaso pa mlendo kuti mabatani a malaya amamumangira ndi mkazi wake. Ulemu umene timalankhula nawo tikakumana ndi akuluakulu, kuyankha kuti tili bwino ngakhale zikupweteka, m'chipinda chopimira umatigwetsa. Palinso china chimene ndikufuna muchiganizire. Kufooka kwa mbali yakumanja kumasonyeza kuti sitiroko inagwira mbali yakumanzere ya ubongo, ndipo kwa anthu ambiri mbali imeneyi ndi imene imayendetsa kulankhula ndi kumva mawu. Ena otere amangoti "inde" pa funso limene sanalimvetse, kapena amasowa mawu n'kungogwedeza mutu kuti zithe. Ngati mwaona zimenezi kunyumba, ndipo abambowo analowa okha kokapimidwa, imeneyi ndi mfundo yaikulu ya apilo yanu.

Lipotilo likafika, khalani pansi ndi cholembera, muliwerenge mzere ndi mzere. Pamene alemba kuti amayenda, inu lembani pambali kuti amayenda mtunda wotani asanapume, ndi ndodo kapena ayi, ndipo agwa kangati miyezi itatu yapitayi. Malamulo a ku Britain ali ndi muyeso umene ndimaubwereka kulikonse chifukwa ndi wanzeru. Amati munthu aziwerengedwa kuti angathe chinthu pokhapokha ngati akuchichita popanda ngozi, mokwanira bwino, mobwerezabwereza, komanso m'nthawi yoyenera. Munthu amene amatha kusamba yekha koma kamodzi pa sabata, kwa ola lathunthu, inu mutaima pakhomo kuopa kuti agwa, ameneyo sitinganene kuti amasamba yekha. Yesani ntchito iliyonse ndi mafunso anayi amenewa.

Kuyambira lero, pezani kabuku muzilembamo za tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena itatu. Zisakhale zodandaula, zikhale zochitika: Lachiwiri anayesa kutsegula botolo la mankhwala, analephera, Lachinayi anagwa potuluka m'bafa, bondo linatupa, usiku ndinadzuka katatu kuwaperekeza kuchimbudzi. Masiku abwino lembaninso, chifukwa kabuku kamene kali ndi zoipa zokhazokha sikakhulupirika. Oweruza apilo amamva mawu akuti "tikuvutika" kwa aliyense wolowa pakhomo pawo, koma botolo la mankhwala lija amalikumbukira.

Kalata ya dokotala nayo ili ndi kalembedwe kake. Ambiri amabweretsa pepala longonena kuti wodwalayu anadwala sitiroko tsiku lakuti ndipo akumwa mankhwala akuti. A ofesi sakutsutsa zoti anadwala. Funso lawo ndi lakuti matendawo akumulepheretsa chiyani, ndipo zikhala choncho mpaka liti. Choncho pitani kwa dokotala ndi kalata yokana ija m'manja, muwapemphe alembe ngati dzanjalo lingathe kugwira chida, ngati abambowo angathe kuima nthawi yaitali, ngati kulankhula ndi kukumbukira zinakhudzidwa, ndiponso ngati akuyembekezera kusintha kwakukulu tsopano poti papita nthawi. Anthu a mafizo, amene amawaphunzitsa kuyenda ndi kugwira zinthu, nthawi zambiri amalemba bwino kuposa dokotala wamkulu, chifukwa amakhala ndi wodwala nthawi yaitali. Muwakumbutse alembe mmene zinalili pa nthawi imene chigamulo chinkapangidwa, popeza apilo kawirikawiri imayang'ana tsiku limenelo.

Za mantha a abambowo ndikuzimvetsa, ndipo musawakalipire. Anthu ambiri amaona thandizoli ngati mphatso, ndiye amaganiza kuti kudandaula ndi kusayamika. Koma si mphatso ya munthu wa pawindo uja. Chikalata cha ufulu wa anthu chimene bungwe la United Nations linavomereza mu 1948 chimanena pa ndime 22 kuti aliyense ali ndi ufulu wotetezedwa pa umoyo wake wa tsiku ndi tsiku. Pangano nambala 102 la bungwe loona za ntchito la ILO, la mu 1952, limanena pa ndime 70 kuti wopempha aliyense akakanidwa akhale ndi ufulu wochita apilo. Mu 2012 bungwe lomwelo linatulutsa malangizo nambala 202, onena kuti njira zodandaulira zikhale zosakondera, zosavuta, zachangu, ndipo wodandaula asalipire kanthu. Si mayiko onse amene amatsata zonsezi, koma zikuonetsa kuti apilo ndi khomo limene boma lomwelo linamanga. Kulowera pakhomo limeneli si kudana ndi mwini nyumba.

Ndipo maofesi amalakwitsa, ngakhale m'mayiko olemera okhala ndi makompyuta apamwamba. Ku Australia, kuyambira mu 2016, kompyuta inkagawa malipiro a munthu a chaka chonse mofanana m'milungu yonse, n'kumalembera anthu kuti analandira thandizo mopitirira ndipo abweze. Njirayi, imene anthu anaitcha Robodebt, inapezeka kuti inali yosemphana ndi lamulo, moti mu 2020 boma linalengeza kuti libweza ndalama pa ngongole pafupifupi 470,000. Ku Netherlands makolo masauzande ambiri ananamiziridwa kuti anaba ndalama zothandizira kulera ana, mpaka nduna zonse za boma zinatula pansi udindo mu January 2021.  Ku Britain, mwa anthu amene amakafika pa bwalo loima palokha kukatsutsa chigamulo cha thandizo la aulumali lotchedwa PIP, oposa theka amapambana, ndipo zakhala choncho kwa zaka zambiri. Sindikukulonjezani kuti inunso mupambana, koma musalole kuti manyazi akuchotseni pamzere musanamvedwe.

Kodi pali chimene mungataye? Kwa munthu amene anapatsidwa thandizo lochepa ndipo akufuna lochuluka, ngozi ilipo, chifukwa oweruza akhoza kuunikanso zonse n'kuchepetsa ngakhale zimene anali nazo. Wotere ndimamuuza kuti afunse kaye kwa odziwa. Inu simunapatsidwe kalikonse, ndiye chimene mungataye ndi nthawi ndi mphamvu zanu basi. Ngozi yeniyeni kwa inu ndi kuwonjezera nkhani. Musanene kuti sayenda n'komwe pamene amayenda pang'ono. Bodza limodzi likagwidwa, zoona zonse zimene mwanena zimagwera limodzi, ndipo ndalama zolandira mwachinyengo amadzakulamulani kubweza, kwina mpaka kukutengerani kukhoti.

Munthu wofuna "kenakake" uja mumutalikire. Madobadoba otere ali mitundu iwiri. Ena sadziwa aliyense mkatimo, amangotenga ndalama n'kudikira. Zikayenda zokha amati ndi iwo, zikakanika amati muonjezere. Ena alidi ndi mnzawo mkati, ndipo awa ndi oopsa kwambiri, chifukwa mnzawoyo akadzagwidwa mafayilo onse amene anawakhudza amafufuzidwa, dzina la amuna anu lili momwemo. Chiphaso chenicheni, khadi ya kubanki ndi nambala yachinsinsi musapatse munthu aliyense. Wothandiza weniweni amakhala ndi ofesi, amakuuzani poyera ngati pali malipiro, amapereka risiti, ndipo salonjeza kuti zitheka.

Mudziwiretu kuti apilo ili ndi makwerero. Poyamba nthawi zambiri ndi ofesi yomweyo imene imaunikanso chigamulo chake, ndipo si zachilendo kuti ikanenso. Ambiri amafooka apa, poganiza kuti akanidwa kawiri ndiye basi. Komatu khwerero lotsatira, bwalo kapena komiti yoima payokha, ndi kumene kumakhala mwayi waukulu, chifukwa kumeneko munthu amaonedwa ndi maso ndipo amafunsidwa mafunso modekha. Kalata yachiwiri nayonso imabwera ndi masiku ake, muwayang'anire ngati poyamba. Mukapatsidwa mwayi wosankha pakati pa kungotumiza mapepala ndi kukaonekera, sankhani kukaonekera, kaya pamaso, kaya pa foni kapena pa vidiyo. Pemphani kuti mulowe nawo, ndipo ngati chilankhulo cha bwalolo si chanu, pemphani womasulira nthawi ikadalipo.

Wina ku ofesi akhoza kukulangizani kuti musavutike ndi apilo, mungolembetsanso mwatsopano. Samalani ndi langizo limeneli. M'malamulo ambiri, mukapambana apilo amakupatsani ndalama zonse kuyambira pa tsiku limene munalembetsa koyamba, pamene pempho latsopano limayambira pa tsiku latsopanolo. Miyezi yonse mwadikirayi ikhoza kupita pachabe. Pempho latsopano limathandiza ngati matenda akula chigamulo chitapangidwa kale, kapena ngati mwapeza kuti munalembetsa thandizo lolakwika. Ngakhale zikatero, funsani ngati n'zotheka kuyendetsa ziwirizo limodzi musanachotse apilo.

Zambiri mwa zimenezi mungathe kuchita nokha. Koma pali nthawi zina zofunika munthu wodziwa malamulo: ngati masiku anadutsa kale kwambiri, ngati akukana kukupatsani zifukwa kapena lipoti, ngati kukanako kwatsamira pa kamasuliridwe ka lamulo osati pa matenda, ngati akukunenani zachinyengo, kapena ngati bwalo loima palokha lakukanani ndipo chatsala ndi khoti. Yambani ndi mabungwe a anthu aulumali, chifukwa amawadziwa mafomu amenewa ngati zikhatho zawo. Palinso maloya othandiza osauka mwaulere, ophunzira malamulo a m'mayunivesite ena amene amathandiza anthu moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo, komanso alangizi a zaumoyo wa anthu amene amapezeka m'zipatala zambiri. Ofesi ya Ombudsman, yomva madandaulo a anthu okhudza maofesi a boma, kumene ilipo, imathandiza kwambiri pa kuchedwetsa, kutaya mafayilo ndi kusayankha makalata. Koma kudandaula kumeneko sikuimitsa masiku a apilo, ndiye musasiye kwinako.

Mukakumana ndi aliyense wa anthu amenewa, mufunseninso funso ili: kupatula thandizo limene tinapempha, pali linanso limene banja lathu likuyenera? M'mayiko ena muli ndalama za wosamalira wodwala, thandizo la ana, kapena thandizo ladzidzidzi la nthawi yodikirira. Ngati abambowo anagwirapo ntchito yolembedwa kale, mwina pali penshoni kapena inshuwalansi imene imalola kutenga ndalama msanga munthu akalumala. A pawindo kawirikawiri amayankha chokhacho chimene wafunsa. Safunsa anadya phula.

Chimodzi chotsala ndi mawu aja a abambowo akuti "tingozisiya". Mwina ndi mantha chabe, koma mvetserani bwino. Anthu ambiri odwala sitiroko amagwidwa ndi matenda okhumudwa, ndipo kalata yonena kuti sakuyenera thandizo imamveka kwa iwo ngati ikuwanena kuti akunamizira kudwala. Ngati asiya kudya, sakufuna kuona anthu, kapena akumanena kuti angokhala mtolo kwa inu, auzeni a chipatala sabata yomweyi, osadikira tsiku la sikelo yawo, chifukwa matenda amenewa ali ndi chithandizo. Ndipo pokambirana nawo za apilo, musayambe ndi zimene sangathenso kuchita. Awerengereni lipoti lija likabwera, muwafunse ngati munthu amene walembedwamoyo ndi iwo. Bambo wa jekete uja anakana apilo kwa milungu itatu. Atamva mwana wawo akuwerenga mzere wakuti amadzisamalira yekha, anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti adinde pati.